ZIMBABWE: Nyimbo za m'makomboni a Darwendale, omvera ake ndi oziweruza

DARWENDALE — Dera la Darwendale lili m'boma la Zvimba, m'chigawo cha Mashonaland West, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa mzinda wa Harare. Limadziwika ndi ulimi wa fodya, migodi ya chrome ya m'mapiri a Great Dyke, komanso damu lalikulu limene lidamangidwa pa mtsinje wa Manyame m'chaka cha 1976. Dzina la derali limapezekanso m'mbiri ya nyimbo za ku Zimbabwe, chifukwa pa famu ina ya kumeneko, yotchedwa Wagon Wheels, ndi pamene padakulira John Chibadura, mmodzi mwa oimba amene zimbale zawo zidagulidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1980.

Chibadura, amene dzina lake lenileni lidali John Nyamukokoko, adabadwira ku Bindura mu 1957. Makolo ake adali ochokera ku Mozambique ndipo ankayendayenda m'mafamu kufunafuna ntchito. Olemba mbiri yake amati adaphunzira kuimba banjo ali ku Centenary, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 adayenda wapansi mpaka ku Darwendale, kumene adayendetsako thirakitala ndi lole. Atasamukira ku Chitungwiza adaimba ndi gulu la Sungura Boys, kenaka mu 1985 adayambitsa lakelake la Tembo Brothers. Nyimbo zake zidali zosakaniza rumba, reggae ndi mang'ombe a kumudzi, ndipo zidamveka mpaka ku Mozambique kumene ankadzaza mabwalo a mpira. Adatsikira kulichete mu 1999 ali wosauka.

Njira imene Chibadura adayenda, kuchoka pa chida chopanga yekha m'komboni kufika pa gitala yamagetsi, adayendamonso oimba ena ambiri a m'mafamu a Mashonaland, makamaka ana ndi zidzukulu za Amalawi. Anthu wamba adazilandira nyimbo zawo ndi manja awiri. Akadaulo ounika nyimbo, a m'dzikomo ndi akunja omwe, adatenga nthawi yaitali asadazione ngati kanthu.

Anthu a m'komboni ndi zida zawo

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna zikwizikwi ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete ankalowera ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ambiri pofuna ndalama ya msonkho. Oyambirira ankayenda wapansi kwa milungu ingapo, n'kuwoloka Zambezi. Pambuyo pake kudabwera magalimoto a Ulere ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene Amalawi ankalitcha Mthandizi. Amene sadabwererenso kumudzi adatchedwa machona. Eni dziko olankhula Chishona adawapatsa maina awoawo, monga Manyasarande ndi Mabhurandaya, dzina lachiwirili lochokera ku Blantyre. Mbiri ya anthuwa yalembedwa ndi akatswiri monga Anusa Daimon ndi Zoe Groves, amene buku lake lonena za machona lidatuluka mu 2020.

Komboni ya pafamu ya fodya idali ndi Achewa, Ayao, Amang'anja, Asena, Achikunda, Angoni ndi Atumbuka, pamodzi ndi Azezuru ndi Akorekore a m'midzi yozungulira. M'makomboni ambiri Chinyanja ndicho chidasanduka chiyankhulo chomvanirana. Kusakanizika kwa nyimbo m'malo oterewa kudadza kokha. Munthu wa ku Dedza akafuna omuvomera nyimbo, ankayenera kuimba zoti wa ku Mutarara ndi wa ku Zvimba athe kulowapo.

Zida zimene zimayenda ndi munthu paulendo wautali ndi zing'onozing'ono. Sansi, imene ena amati kalimba, ndi kathabwa kokhala ndi tizitsulo tosula toimbidwa ndi zala zazikulu, ndipo munthu amatha kuiimba akuyenda. Bangwe ndi thabwa lopyapyala lokhala ndi nsambo zingapo, limene amalilowetsa m'chipanda kapena m'chitini kuti mawu akule. Mwini bangwe kawirikawiri amaimba yekha, kudandaula za umphawi, za ukwati kapena za kwawo. Kaligo ndi kang'oma kokutidwa ndi chikopa cha ng'azi, kokhala ndi mtengo wautali ndi nsambo imodzi imene amaikwecha ndi kauta. Ng'oma za gule wamkulu, monga mbalule ndi mpanje, zinkasemedwa komweko. Ayao adabwera ndi beni, gule wotsanzira perete wa asilikali, amene Terence Ranger adalemba mbiri yake mu 1975. Amayi ankavina chimtali.

Pa zonsezi padaonjezeka banjo ya chigubu cha mafuta, yokhala ndi mtengo wosema ndi nsambo za waya wa mabuleki a njinga. Banjoyi idali chida cha anyamata. Idatengera maonekedwe ku zida za m'sitolo ndi mawu a m'galamafoni, koma kaimbidwe kake, kobwereza kachigawo kamodzi kosalekeza pamene mawu akusinthasintha pamwamba, n'kofanana ndi ka bangwe ndi sansi.

N'zochititsa chidwi kuti ntchito yojambula nyimbo zotere m'chigawo chino cha Africa idayambira m'munda wa fodya momwemo. Hugh Tracey adafika ku Southern Rhodesia mu 1921 kudzathandiza pa famu ya mkulu wake, ndipo nyimbo zoyamba za Chikaranga adaziphunzira kwa antchito a pafamupo. Iyeyu ndiye adadzajambula oimba bangwe ndi kaligo ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958, ndipo mu 1954 adakhazikitsa nkhokwe ya International Library of African Music, imene tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa.

Bwalo monga woweruza

M'komboni mudalibe nyuzipepala yoti ilembe za woimba, koma chiweruzo chidalipo, ndipo sichinkachedwa. Magule ankachitika Loweruka madzulo ndi Lamulungu, makamaka kumapeto kwa mwezi anthu akalandira, komanso pa maliro, pa chinamwali ndi pa ziliza. Woimba kapena wovina akakometsa, amayi ankaimba nthungululu, wina n'kulowa m'bwalo kukamufupa ndalama, fodya kapena chipanda cha mowa. Akalephera, anthu sankamuvomera nyimbo. Ankangoyamba kucheza zawo, ena n'kumasuntha kupita kumene kukulira ng'oma ina.

Omvera oterewa amadziwa chimene akufuna. Amamva msanga ngati mbalule yasemphana ndi mapazi a gule. Amasiyanitsa wopeka nyimbo ndi wongobwereza za ena. Amayamikira kwambiri kuphiphiritsa, kumene woimba amanyogodola kapitawo wankhanza, mzungu womana phoso kapena mwamuna wothera malipiro ku mowa popanda kutchula dzina, aliyense n'kudziwa amene akunenedwa. Pamalo pamene kudandaula poyera kukadachotsetsa munthu ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, luso limeneli lidali ndi mtengo wake. Amayamikiranso kupirira, poti gule wa usiku wonse safuna woimba wotopa msanga. Nyimbo zazitali za mphindi khumi kapena kuposerapo, zimene zidadzakhala chizindikiro cha sungura, zimamveka bwino munthu akakumbukira bwalo limeneli.

Kuchoka pa banjo kufika pa sungura

Chamba cha sungura chidakula Zimbabwe italandira ufulu mu 1980. Gwero lake ndi zimbale za benga ndi rumba zochokera ku Kenya ndi Tanzania. Liwu lakuti sungura m'Chiswahili limatanthauza kalulu, ndipo lidachokera pa dzina la zimbale zina za kumeneko, monganso liwu lakuti kanindo lidachokera pa dzina la wojambulitsa nyimbo wa ku Kenya, Oluoch Kanindo. Anyamata a ku Zimbabwe adafulumizitsa mang'ombewo, n'kuikamo mawu a Chishona, Chindebele ndi Chichewa.

Ambiri mwa akatakwe a chambachi adachokera m'mafamu. Nicholas Zakaria adabadwira ku Mazowe mu 1956, bambo ake ali ochokera ku Malawi, ndipo mu 1984 adali mmodzi mwa oyambitsa gulu la Khiama Boys. M'gululi mudadutsa oimba ambiri, kotero kuti Zakaria adapatsidwa dzina lakuti Senior Lecturer. Mmodzi mwa ophunzira akewo ndi Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 m'banja la antchito a pafamu a mtundu wa ku Malawi. Macheso adayambitsa Orchestra Mberikwazvo, n'kutulutsa chimbale cha Magariro mu 1998, Vakiridzo mu 1999 ndi Simbaradzo mu 2000. Mu Simbaradzo muli Mundikumbuke, nyimbo ya m'Chichewa imene idavinidwa dziko lonse, ngakhale ndi anthu osamva liwu ndi limodzi lomwe la chiyankhulocho. Daiton ndi Josphat Somanje a gulu la Pengaudzoke nawonso adali ana a m'komboni a makolo ochokera ku Malawi.

Msika wa oimbawa udali m'mabala a m'mafamu ndi m'migodi, m'timatauni ta kumidzi, m'mabasi ndi m'makomboni a Harare ndi Chitungwiza. Wailesi ya Radio 2, imene pambuyo pake idatchedwa Radio Zimbabwe, inkaulutsa nyimbo zawo, ndipo makampani a Gramma Records ndi Zimbabwe Music Corporation ankapeza phindu lalikulu pa makaseti awo.

Maso a akadaulo

Ngakhale sungura inkagulidwa kuposa chamba china chilichonse m'dzikomo, anthu ophunzira a m'tauni ankaiona ngati nyimbo za kumapurazi, liwu la Chishona lotanthauza kumafamu, limene likatchulidwa motero limakhala chitonzo. Kunja kwa dziko nkhani idali ina koma mathero ake adali omwewo. Okonda nyimbo za ku Africa ku Ulaya ndi ku America adaidziwa Zimbabwe kudzera m'mbira. Buku la Paul Berliner la The Soul of Mbira lidatuluka mu 1978. Thomas Mapfumo, amene adasamutsira kalilidwe ka mbira pa gitala, ndi Stella Chiweshe, amene adamwalira mu 2023, adayenda m'maiko ambiri. Gulu la Bhundu Boys lidatchuka ku Britain mothandizidwa ndi aulutsi a BBC, John Peel ndi Andy Kershaw, mpaka kuimba pa Wembley mu 1987. Chibadura adakaimbako ku Britain ndi ku Netherlands, koma sungura sidazike mizu kumeneko.

Katswiri wa ku America, Tony Perman, adalemba mu 2012 za mpata umenewu, woti chamba chokondedwa koposa m'dziko n'kukhala chimene ofufuza sachilabadira. Zifukwa zake sizovuta kuziona. Khutu la mlendo linkafuna chida chakale chokhala ndi mbiri ya mizimu, ndipo gitala yamagetsi yotsanzira rumba ya ku Nairobi sidakwanire m'chithunzi chimenecho. Olimbikitsa chikhalidwe cha dziko latsopano ankafuna nyimbo zoonetsa mizu ya eni nthaka, ndipo ana a machona, amene ena ankawanyoza kuti ndi anthu opanda mfunda, sadakwanirenso. Kuweruza kotere kudaphonya chinthu chimene omvera a m'komboni ankachimva popanda wowauza, chakuti besi ya Macheso ndi magitala olukanalukana a Khiama Boys zimagwira ntchito yomwe ija ya ng'oma ndi sansi pabwalo. Mwa olemba a m'dzikomo, Pulofesa Fred Zindi, amene adatulutsa buku la Roots Rocking in Zimbabwe mu 1985, ndi mmodzi mwa amene adalemba za oimbawa mwaulemu m'manyuzipepala.

Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, adaonedwa moipa kuposa apa. Bungwe la UNESCO lidamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe sili pa mndandandawo, ndipo m'manyuzipepala a kumeneko gule amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani za ndewu ndi zamatsenga. Malo amodzi pamene magulu a gule ndi beni amaweruzidwa monga aluso ndi mpikisano wa Chibuku Neshamwari, umene wakhala ukuchitika kuyambira m'zaka za m'ma 1960.

Za ku Sweden ndi Norway

Kunyozedwa kwa zida za anthu akumudzi kudachitikanso kumpoto kwa Ulaya, ndipo mmene zinthu zidatembenukira kumeneko zimathandiza kumvetsa za m'makomboni. Ku Norway kuli hardingfele, vayolini yokhala ndi nsambo zina zapansi zimene zimalira zokha, ndipo yakale kwambiri imene ilipo ili ndi chaka cha 1651. M'zaka za m'ma 1800 alaliki achitsitsimutso adaitcha chida cha Satana, oimba ena n'kutentha kapena kuswa zida zawo, monga momwe amishoni adalimbanira ndi nyau ku Nyasaland. Ku Sweden kuli nyckelharpa, yokwechedwa ndi kauta koma yokhala ndi timitengo tosindikiza posintha mawu. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 idatsala ndi oimba owerengeka m'chigawo cha Uppland.

Chidaukitsa nyckelharpa ndi ntchito ya Eric Sahlström, amene adabadwa mu 1912 n'kumwalira mu 1986. Iye adali woimba, wopeka ndiponso mmisiri wa chidacho. M'zaka za m'ma 1970 anthu ambirimbiri adalowa maphunziro a madzulo opanga nyckelharpa zawozawo, ndipo mu 1998 ku Tobo kudatsekulidwa sukulu ya dzina lake. Oweruza nawo adalipo kale. Wojambula zithunzi Anders Zorn adakonza mpikisano wa oimba akumudzi ku Gesunda mu 1906, ndipo kuyambira mu 1933 gulu la akadaulo limamvetsera oimba chaka ndi chaka n'kupereka mendulo ya Zorn. Wolandira yasiliva amatchedwa riksspelman, kutanthauza woimba wa dziko. Chithunzi cha nyckelharpa chidaikidwapo pa ndalama yapepala ya makorona 50.

Pa maziko amenewa padamera magulu osakaniza. Hedningarna, dzina lotanthauza achikunja, adayamba mu 1987 ndi zida zakale zimene ena mwa iwo ankapanga okha, n'kuzilumikiza ku magetsi. Chimbale chawo cha Kaksi! cha mu 1992, chimene adaimba ndi amayi awiri a ku Finland, chidalandira mphotho ya Grammis. Gulu la Väsen lidafikitsa nyckelharpa ku America ndi ku Japan. Ku Norway, Einar Selvik adayambitsa Wardruna mu 2003, pogwiritsa ntchito nyanga ya mbuzi, azeze akale ndi tagelharpa, chida cha nsambo za ubweya wa kumchira wa kavalo chimene woimba kaligo sangachedwe kuchizolowera. Nyimbo za Selvik zitamveka m'kanema wa Vikings, omvera adachuluka m'maiko ambiri, ena a iwo ochokera ku chamba cha metal.

Mkangano wa akadaulo kumeneko umakhala pa funso la chimene chili chenicheni. Palibe nyimbo yolembedwa imene idatsala kuchokera m'nthawi ya ma Viking, choncho zimene magulu ngati Wardruna amaimba ndi nyimbo zatsopano pa zida zopangidwa motsanzira zakale. Osunga mwambo ena amaona kusakanizaku ngati kusukulutsa, pamene ena amati ndi khomo limene achinyamata amalowera n'kukafika ku nyimbo zakale zenizeni. Omvera ambiri mkanganowu sauwerengera. Koma n'kofunika kuona kuti mkangano woterewu umatheka pokhapokha pali amisiri opanga zida, sukulu zophunzitsa, nkhokwe zosunga nyimbo ndi oweruza amene anthu amawakhulupirira. Woimba bangwe wa m'komboni adali ndi chimodzi chokha, omvera ake, ndipo omverawo ankakhala pa nthaka ya mwini famu.

Maiko a kumpotowa akhudzapo nyimbo za kuno m'njira zina. Olof Axelsson wa ku Sweden adatsogolera sukulu ya Kwanongoma ku Bulawayo m'zaka za m'ma 1970, kumene kudakonzedwa marimba imene masiku ano imaimbidwa m'sukulu za ku Zimbabwe. Ndondomeko ya Music Crossroads, imene idayamba mu 1995 ndipo idathandizidwa ndi ndalama zochokera ku Sweden ndi Norway, idatsekula sukulu zanyimbo ku Lilongwe, Harare ndi Maputo mu 2013. Zonsezi zidakhazikika m'mizinda, kutali ndi makomboni a m'mafamu.

Chaka cha 2000 ndi pambuyo pake

Chaka chimene Mundikumbuke idatuluka ndi chomwecho chimene boma la Zimbabwe lidayamba kulanda mafamu a azungu mwachangu. Lipoti la Pulofesa Lloyd Sachikonye la mu 2003 lidaonetsa kuti mwa antchito a m'mafamu oposa 300,000, pafupifupi 200,000 adali atataya ntchito, ndipo amene adapatsidwako malo sadafike 5 pa 100 alionse. Lamulo la unzika la mu 2001 lidasiya ambiri obadwira m'dzikomo kwa makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ali opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'maiko a SADC. Malamulo omwewo adaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka ndi boma.

Anthu a m'makomboni adabalalika. Ena adatsala m'nyumba zakale n'kumagwira maganyu kwa alimi atsopano, ena adapita kokumba golide, ena ku Epworth ndi ku Chitungwiza, ena m'midzi yongomera monga Lydiate pafupi ndi Norton, kumene zidzukulu za Amalawi zimavinabe gule. Malipiro a kumapeto kwa mwezi, amene ankasonkhanitsa anthu mazanamazana pamalo amodzi ali ndi kangachepe kofupira woimba, adatha m'mafamu ambiri. Kukopera zimbale mwakuba kudagwetsa makampani ojambula nyimbo, ndipo m'zaka za m'ma 2010 achinyamata ambiri adatembenukira ku Zimdancehall. Gule wamkulu adapirira chifukwa ali ndi dambwe, malamulo ake ndi ntchito yake pa maliro. Sungura idapirira chifukwa idali italowa kale m'tauni. Zimene zidazilala kwambiri ndi zida za munthu mmodzi, bangwe, kaligo ndi sansi, zimene mwana amaphunzira pongokhala pafupi ndi mkulu amene amaimba.

Mu 2020 UNESCO idalemba luso lopanga ndi kuimba mbira kapena sansi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe, Malawi ndi Zimbabwe atapempha limodzi. Mu 2023 bungwe lomwelo lidalemba ntchito ya ku Sweden yosunga nyckelharpa monga chitsanzo cha kasungidwe kabwino.

Chida chopanga wekha nacho chapeza omvera atsopano kunja. Madalitso Band, gulu la anthu awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe, limagwiritsa ntchito gitala ya nsambo zinayi, ng'oma yoponda ndi chidendene, ndi babatoni, besi ya nsambo imodzi yokhala ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Adaimba pa Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo mu 2019 adaimba pa Roskilde ku Denmark, chimodzi mwa zikondwerero zazikulu zanyimbo kumpoto kwa Ulaya. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, woimbanso babatoni, adadziwika kudzera m'kanema wa pa intaneti asadayambe kuitanidwa kukaimba ku Ulaya. Olemba za nyimbo kumeneko amatchula kawirikawiri kuti zidazi ndi zopanga okha, ndipo amazitchula monga chinthu choyamikirika.